Tebulo Limodzi la Anzanga a ku Intercity

Mu Lusaka muno palibe munthu amene anandigulitsapo chinthu pa mtengo umene anayamba kutchula. Sikudzitama ayi, ndi mbiri chabe. Ndinabadwira ku Kabwata, ndinakulira pakati pa matayala akale, ndipo mpaka lero ndimadya za matayala. Ndimakawatenga ku Heavy Industrial Area kumene malole amavula nsapato zawo, n'kukawagulitsa kwa eni maminibasi amene atsopano amangowaonera pawindo la shopu. Ntchito imeneyi si ya manja, ndi ya nkhope. Umaliyang'ana tayala ngati lakulakwira, umaligogoda ndi phazi, umapukusa mutu, ndipo mwini wake akaumirira umatembenuka n'kuyamba kupita. Usanafike pa geti amakuitana. Msana wanga wagula matayala ambiri kuposa pakamwa panga. Ndiye pamene anandiuza kuti mipando ya pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga tigawana pa foni, ndinaseka, n'kuuza akazi anga kuti akuchimuna a ku Kabulonga, kwa anthu olemera, alowa okha m'khola.

Mkwatibwiyo ndi mwana yekhayo wa mlongo wanga. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko kum'mawa, ife galimoto tinalibe, tinali ndi anzanga. Anzangawo ndi amadala a pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, aja amakulanda chikwama usanatsike n'komwe m'takisi, akulumbira kuti basi yatsala munthu mmodzi yekha ndipo munthuyo ndiwe. Temu iliyonse ankamupezera mpando wa pawindo, kusenza thiranki lake pamutu, n'kuopseza kondakitala kuti mwanayu akakafika ndi tsitsi limodzi losowa, basi imeneyo isadzaonekenso mu Lusaka. Shuga ndi sopo zimene mlongo wanga ankatumiza zinkayenda pansi pa mpando wa dalaivala. Choncho tsiku limene anthu anabwera kudzamufunsira, ndinapita ku Intercity n'kulonjeza pamaso pa anthu onse, ogulitsa nthochi ali mboni, kuti amadalawo adzakhala ndi tebulo lawolawo mkati mwa holo, la nsalu yoyera, osati panja pamodzi ndi oyang'anira magalimoto. Mkulu wawo, amene timangomuti mudala, anandigwira dzanja kwa nthawi yaitali mpaka basi ina inanyamuka ili ndi mipando yopanda anthu.

Mkwati ndi mnyamata wofatsa wa mu ofesi. Kwawo ndi ku Luapula, koma anakulira ku Copperbelt. Amayi ake amakhala ku Chelstone ndipo salankhula kwambiri. Amene ankayendetsa komiti ya ukwati anali mlongo wa bambo ake, amene iwo amati ba mayosenge, ife tingati azakhali. Ndinali nditawaona kamodzi kokha pa msonkhano: magalasi olendewera pa katcheni, chikwama pa maondo, Chingerezi chotsika pang'onopang'ono ngati uchi. Ndinawayang'ana n'kudziuza kuti mayi ameneyu sanafunsepo mtengo wa chinthu chiyambire.

Holo imene anapeza inali ku Woodlands, yokongola, ya maluwa pakhomo, koma yosatanuka. Mwini wake anatchula chiwerengero cha mipando n'kukana kuwonjezera ngakhale kampando ka mwana. Mkwatibwi, amene amagwira ntchito ya makompyuta, anatopa ndi mapepala a mayina ochokera mbali zonse, ena olembedwa kuseri kwa maenvelopu a tchalitchi. Anatitumizira linki pa gulu la pa foni la komiti. Ukaidina pankatseguka fayilo ya timabokosi tambirimbiri, imene iye ankaitcha sipuredishiti: mzere uliwonse munthu mmodzi, dzina apa, mbali yake apa, tebulo lake apo. Chodabwitsa chinali chakuti fayiloyo sinali m'foni ya aliyense wa ife. Inali penapake pa netiweki, ndipo tonse tinkatha kulowamo nthawi imodzi ngati m'shopu, ine ndili pa matayala anga, mlongo wanga ali ku Kabwata, amayi a mkwati ali ku Chelstone, azakhali ali ku Kabulonga.

Malamulo anali ochepa. Aliyense ndi mtundu wake: ine buluu, mlongo wanga pinki, amayi a mkwati olenji, azakhali chikasu. Osakhudza mzere wa mtundu wa mnzako. Pamwamba penipeni panali kabokosi kowerenga anthu, kamene kankafiira tikapyola mipando n'kubiriwira tikabwerera m'malire. Lachisanu masana fayilo idzatsekedwa n'kupita kwa osindikiza makadi, ndipo wopanda khadi sadzalowa.

Masiku oyamba m'fayilomo munali ngati mu msika kumapeto kwa mwezi. Mlongo wanga ankalemba mayina m'bokosi la matebulo, moti kwa tsiku lathunthu abusa athu analembedwa kuti adzakhala pa mayi wina wa kwaya. Amayi a mkwati ankalemba magetsi atapita, netiweki itakomoka, ndipo ikatsitsimuka anthu amene tinagwirizana dzulo kuti achoke ankauka onse n'kubwerera m'mizere yawo ngati sanafepo. Tsiku lina ine ndi mlongo wanga tinalowa m'bokosi limodzi, ine ndikulemba msuweni wathu, iye akulemba mzimayi wa ku tchalitchi. Amene anamaliza pambuyo anameza mnzake, msuweniyo n'kuzimiririka osasiya ngakhale nsapato. Tinaimbirana kuti tikangane, tonse maso ali pa bokosi lomwelo, koma tinangoyamba kuseka, mpaka kasitomala wanga anakwiya poganiza kuti ndikuseka minibasi yake.

Chimene chinandikomera koposa n'chakuti munthu akalowa, umamuona. Pamene wadina pankawala kampanda ka mtundu wake, ndipo akasuntha nakonso kankasuntha. Ine ndinazolowera kuwerenga dzanja la wogula. Likagwira tayala kawiri, ndiye kuti walifuna, ngakhale pakamwa pakunyoza. Apa panali dzanja lopanda nkhope, koma dzanja ndi dzanja.

Ndiye ndinachita zimene munthu aliyense wodziwa msika amachita. Ukafuna tebulo limodzi supempha tebulo limodzi. Ndinalemba anzanga a ku Intercity pakatikati, kenako ndinawakwirira kumtunda ndi kumunsi ndi anthu oti ndidzawapereke nsembe: wometa wanga, landilodi wa nyumba imene tinasamukamo kalekale, wowotcherera zitsulo wa pafupi ndi shopu, anthu awiri amene ndinangokhala nawo pa benchi ku chipatala. Buluu anayenderera mpaka pansi ngati madzi a paipi yophulika. Kabokosi ka pamwamba kanafiira psuu.

Akazi anga, amene nawonso anali ndi linki chifukwa ankathandiza mlongo wanga pa mizere ya pinki, anandidikira kunyumba ku Libala foni ili m'manja. Ankafuna kudziwa kuti mayi wogulitsa vitumbuwa amene ndamulemba ndi mayina ake onse ndi ndani. Ndinafotokoza modekha kuti ameneyo ndi wongotsitsirapo mtengo, sadzafika n'komwe pa geti.

"Zakuti sazafika namvela," anatero. "Ine nifunsa kuti dzina la atate ake munalidziwa bwanji."

Mayi wa vitumbuwa anakhala nsembe yoyamba, tisanadye n'komwe chamadzulo.

M'mawa mwake kampanda kachikasu kanabwera. Kanatsika pang'onopang'ono m'mizere yanga, kuima pa dzina lililonse ngati munthu wosankha tomato, koma osakhudza kanthu. Ndinasiya kasitomala ataima ndi jeke m'manja. Kataima pa wometa wanga, ndinamufufuta kali pomwepo, kuti kaone ndi maso. Kanakhala duu. Kenako kanakwera kumtunda, ku mizere yake yachikasu, ndipo dikoni wina anazimiririka.

Ndinadumpha pa tayala limene ndinakhalapo. Ndinauza aliyense amene anali pafupi, ngakhale wa jeke uja, kuti mayi wa ku Kabulonga walowa mu msika osadziwa kuti walowa. Tinapitiriza choncho masiku otsatirawo. Ine landilodi, iwo mphunzitsi wopuma ntchito. Ine anthu a pa benchi aja, iwo banja lathunthu la ku Ndola, ndi ana omwe. Sitinkalankhulana. Pa gulu la komiti tinkangopatsana moni wa Chikhristu, koma m'fayilomo tinkavina. Ndinkadzuka n'kuthamangira foni ndisanasukusule. Ndinkagula bandulo pafupipafupi ngati mnyamata amene wangopeza chibwenzi. Masana akafika chikasu chisanalowe, chakudya sichinkatsika bwino. Akazi anga anati sanandionepo ndikumwetulira foni chotero, ndipo akanakhala kuti sakuona okha kuti ndi mayina a madikoni, akanaitana ankhoswe.

Vuto linali lakuti pamene ife awiri tinkachotsa, pinki ndi olenji ankawonjezera. Mlongo wanga ankakumbukira munthu watsopano nthawi iliyonse akatuluka panja. Lachisanu linacha kabokosi kadakali kofiira, ndipo nsembe zanga zinali zitatha. Mu buluu munatsala ine, banja langa, achibale ochepa a kwathu ndi amadala aja, ali poyera ngati mbuzi pa msewu.

Chikasu chinalowa dzuwa litakwera. Chinapita molunjika pa mzere wa mudala, chinatsika m'mayina a anzake onse, n'kubwereranso pa mudala. Kenako pambali pake panatuluka kauthenga, chifukwa m'fayilomo umatha kumata mawu pa mzere wa munthu. Kanali kaulemu kwambiri. Kankafunsa kuti awa ndi achibale a mbali iti.

Mawu otere ndimawadziwa. Ndi mawu a wogula amene wapeza chigamba mkati mwa tayala. Ukayamba kufotokoza, wagwa. Pamenepo pamafunika msana. Ndinasankha mizere yonse ya buluu kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndinadikira kuti kampanda kachikasu kakhale kali pomwepo, n'kudina kofufutira. Zonse mbee. Ndinatuluka m'fayilomo, ndinaika foni m'thumba, ndinaitana wowotcherera uja kuti tikadye michopo, nyama ya mbuzi yootcha ya pakona, ine ndigula.

M'mutu mwanga ndinkaona zonse. Azakhali akuvula magalasi. Akuimbira mkwati. Mkwati akuimbira mkwatibwi, mkwatibwi akulira kuti amalume akwiya ndipo ukwati wopanda malume si ukwati. Kenako foni yanga ikulira, ine osayankha koyamba, kuyankha kachiwiri ndi mawu otopa. Ndinakonzeratu ndi kupuma kwake. Ndinadya mosafulumira, ndinawonjezera tsabola, ndinamuphunzitsa wowotcherera uja za moyo. Ndinamuuza kuti munthu amene sadziwa kuchoka sadziwa kugula.

Foni sinalire. Ndinaitulutsa, netiweki inali yodzaza. Ndinapempha wowotcherera kuti andiimbire tione ngati ikugwira. Inalira bwinobwino, nyimbo yonse.

Nditatsegula fayilo sindinapeze dzenje limene ndinasiya. Ku Heavy Industrial Area ukatembenuka, wogulitsa amaona msana wako ndipo tayala limakhala likadali pomwepo kukudikira. M'fayilomo munalibe msana. Munangooneka malo opanda anthu, ndipo mu Lusaka malo opanda anthu sagona. Mlongo wanga anali atalowetsa kwaya yonse ya ku Kabwata, ndi woimba ng'oma yemwe. Amayi a mkwati, amene tsiku limenelo netiweki inawakonda, analowetsa aneba awo a ku Chelstone. Akazi anga enieni, amene ndimagona nawo nyumba imodzi, analowetsa azimayi a chilimba chawo, gulu lija losonkherana ndalama. Kabokosi ka pamwamba kanali kobiriwira ngati repu wa m'dimba. Ndinayesa kulemba, foni inandiuza kuti ndingathe kuona chabe. Masana anali atakwana.

Pa gulu la komiti panali chikondwerero, onse akuganiza kuti ndapereka mipando yanga mwa kufuna kwanga. Timanja toomba tinkangotsika. Mlongo wanga analemba kuti ali ndi mlongo mmodzi koma ndi wokwana khumi. Abusa a mbali yakuchimuna analonjeza kuti Lamlungu adzalalikira za mtima wanga. Azakhali analemba mawu atatu okha, zikomo ba malume, n'kuika kadontho kumapeto.

Panapita kanthawi ndisanazindikire kuti pofufuta paja ndinadzifufuta ndi ine ndemwe. Akazi anga anali atadzibwezeretsa okha mu pinki, pamodzi ndi ana. Nditawaimbira kufunsa chifukwa chimene sanandilembere ine, anati anaganiza kuti ndili ndi pulani, popeza nthawi zonse ndimakhala nayo.

Ndinaimbira mkwatibwi ku ntchito kwake. Anaseka mpaka ndinamva mpando ukukhuluka, ndipo anaitana mnzake wa mu ofesi kuti ndibwerezenso. Koma nditatchula za amadala a ku Intercity kuseka kunatha. Anati fayilo imasunga mbiri yake ndipo ingathe kubwezedwa mmene inaliri m'mawa, koma ikabwerera imabwerera yonse: kwaya ituluka, aneba a ku Chelstone atuluka, ndipo amayi ake awaimbira kale onse kuti asoketse zovala. Komanso kiyi wa fayilo anali atamupereka kwa azakhali monga wapampando, ndipo osindikiza adzalandira kuchokera kwa iwo okha, madzulo omwewo.

"Amalume," anatero, "amadala aja akapanda kukhalapo, ine sinizavina."

Ndinadzera ku Intercity ndi maganizo oti ndiwachenjezeretu. Ndinawapeza pakati pa mabasi awiri akuyeserera sitepe yolowera mu holo, apaulendo akuonerera pa mawindo, wina akuwomba m'manja ndi matikiti. Anali atagwirizana kale za mataye a mtundu umodzi. Mudala anandikokera kuseri kwa kauntala, n'kutsegula katoni pang'ono chabe kuti fumbi lisalowe. Munali nsapato zovala pa ukwatipo, zoyera, zatsopano, zonyezimira ngati mbale.

"Shani, ba malume, muli bwanji? Tebulo yathu ili pafupi na keke?"

Ndinayankha kuti ili pafupi kwambiri, n'kuthamangira minibasi ya ku Kabulonga.

Kumeneko misewu imakhala chete ngati anthu onse akulemba mayeso. Ndinapeza nyumbayo, mpanda wautali, geti lachitsulo. Ndisanagogode n'komwe, getilo linadzikoka lokha n'kudzitsekanso kumbuyo kwanga. Ndinayenda kanjira katali ka maluwa mpaka pa khonde. Azakhali anali atakhala pa mphasa, atavala chitenje, magalasi kulibe, akusankha nsomba zouma mu lichero. Laputopu inali pa mpando pambali pawo ngati mlendo.

"Mwabwela, mbuya? Nenze kukuyembekezani. Mwadya kale mbewa zanu, olo nikupatseni chakudya cha anthu?"

Ife a kum'mawa ndi iwo a kumpoto tili pa chimbuya. Timanyozana poyera, ngakhale pa maliro, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Koma pa msonkhano wa komiti uja mayiyu sanaonetse kuti amazidziwa zimenezi. Ndinayankha kuti ndakhuta, asavutike kundiphera nyani. Anaseka ndi pakamwa ponse, n'kundilozera mpando. Chingerezi cha uchi chija sindinachimvenso.

Anandiuza kuti nyumba imeneyi isanakhalepo, malemu amuna awo asanapeze ntchito yovala taye, iwo ankagulitsa nsomba zouma ndi zitenje mu msika ku Kitwe, mwana ali kumbuyo. Anati tsiku loyamba lomwe ataona buluu akusefukira anadziwa kuti apeza munthu, ndipo anali asanasangalalepo chotero chichokereni mu msika. Dikoni amene anandichotsera uja anamwalira kalekale. Banja la ku Ndola lija linasamukira kunja ana asanabadwe n'komwe. Ndinafunsa za mphunzitsi wopuma ntchito. Anati ameneyo alipo ndithu, koma samukonda.

"Munasewela bwino, mbuya. Koma kuchoka kuja muchita ngati wogulitsa ni mmodzi. Imwe munachoka pamene pali azimayi anayi, onse na njala."

Kenako anati funso lawo lija linali lenileni, ankafuna kudziwa kuti anthuwo ndi ndani. Ndinawauza zonse: thiranki pamutu, mpando wa pawindo, sopo pansi pa mpando wa dalaivala, lonjezo langa pamaso pa ogulitsa nthochi. Sindinakometsere, zinali zokoma kale. Manja awo anaima mu lichero. Anati mu chikasu mukadali anthu ena ongotsitsirapo mtengo amene angathe kuuka n'kupereka malo, okwana tebulo limodzi ndendende. Ndinayamba kuthokoza. Anakweza nsomba imodzi m'mwamba kundiletsa.

Choyamba, achibale awo akubwera kuchokera ku Luapula ndi ku Copperbelt ndi matumba a ufa wa chinangwa, nsomba, nkhuku, mbuzi imodzi, ndi nkhalamba zimene Lusaka zimangomumva pa wailesi. Pafunika anthu owalandira ku Intercity n'kuwafikitsa ku Chelstone opanda chosowa. Ndinapukusa mutu, ndinausa moyo, ndinati anthuwo ndi otanganidwa kwambiri, kenako ndinavomera. Mumtima ndinkaseka, chifukwa zimenezo amadala aja amachita ali m'tulo.

Chachiwiri chinali geti la holo. Anati mlonda wolembedwa ganyu amanyengereredwa ndi kumwetulira kumodzi, ndipo ukwati wa mwana wa mchimwene wawo sudzadyedwa ndi anthu ongodutsa. Ankafuna munthu amene amadziwa mabodza onse a mu Lusaka chifukwa theka lake anapeka ndi iye. Munthuyo adzaima pa geti kuyambira mlendo woyamba mpaka mbale yomaliza.

Ndinawakumbutsa kuti ndine malume. Ndinawauza za suti yanga yatsopano, imene telala anaisoka kuti ioneke bwino munthu atakhala kutsogolo. Anati idzaoneka bwino kwambiri munthu ataimirira, aliyense adzayamba kuona iyo. Apa ndinadziwa chochita. Tsopano tinali maso ndi maso, pa bwalo langa. Ndinaimirira, ndinathokoza chifukwa cha mpando, ndinatembenuka.

Pa kuchoka konse kumene ndachokapo, kumeneku kunali kokongola koposa. Mapewa anali bwino, liwiro linali bwino, losafulumira, losazengereza. Ndinadutsa maluwa ofiira, khutu lili kumbuyo. Ndinadutsa maluwa oyera. Ndinadutsa galimoto yawo, n'kuona mwa chizolowezi kuti matayala akutsogolo atha. Palibe anandiitana. Ndinafika pa geti. Linalibe chogwirira, linalibe loko, linalibe ngakhale kabowo kolowetsa chala. Ndinaima n'kumaliyang'ana. Galu wamkulu anachokera kuseri kwa nyumba, anabwera kudzakhala pambali panga, nayenso n'kumayang'ana getilo ngati tikudikira basi imodzi. Kumbuyo ndinkangomva nsomba zikugwera mu lichero, imodzi imodzi.

Amene anayamba kuseka ndi ine. Ndinaseka mpaka ndinatsamira chitsulocho, galu n'kuyamba kugwedeza mchira.

"Mbuya," anaitana kuchokera pa khonde, "rimoti ili kuno."

Ndinabwerera, koma sindinabwerere chimanjamanja, ndisanamiziridwe. Ndinanenerera mpaka tinagwirizana kuti ku tchalitchi ndidzachita zonse za umalume, kuti mbale yanga idzabwera pa geti ili ndi nkhuku ndi ng'ombe zomwe, ndiponso kuti tebulo la amadala lidzakhala moyang'anana ndi keke. Anapukuta manja pa chitenje, anakoka laputopu, anafufuta anthu awo achikasu aja osawayang'ana n'komwe kawiri, n'kuyamba kulemba mayina a anzanga ine ndikutchula. Mudala wa ku Intercity analowa mu ukwatiwo ngati mlendo wa ku Kabulonga, mu chikasu. Nditapempha kuti andibwezere mphamvu yolemba m'fayilo, kungoti mwina pangakhale chokonza, anati ine ndizingoona.

Achibale a ku Luapula anafika onse, ndi mbuzi yomwe, imene inayenda kuchokera ku Intercity mpaka ku Chelstone pa mpando wakutsogolo. Nkhalamba zinakauza anthu kuti ku Lusaka kuli ulemu umene kumudzi unatha.

Tsiku la ukwati ndinaima pa geti m'suti yanga, ndipo ndisaname, ndinasangalala kuposa mmene ndinkafunira. Anabwera wina kuti khadi lili ndi akazi ake mkati. Ndinamufunsa mtundu wa diresi la akazi akewo, anayang'ana kumwamba. Anabwera wina atanyamula bokosi la zoziziritsa kuti ndi wa zakudya, ndinalinyamula ndi chala chimodzi. Wina anati ndi msuweni wa mkwatibwi wa mbali ya amalume ake, ndipo amalumewo akamva kuti ndamukaniza ndidzaona zakuda. Ameneyo ndinacheza naye kwa kanthawi, chifukwa ndinkafuna kumva zambiri za ine.

Zamkati ndinazionera pa windo la m'mbali, pakati pa makatani. Ndinaona mkwatibwi akuchoka pa tebulo lapamwamba nyimbo ili pakati, akudutsa abusa ndi mabwana a ku ofesi, mpaka pa tebulo loyang'anana ndi keke. Anagwada pansi ndi diresi lake loyera lonse. Amadala amene amatha kutukwana dalaivala mpaka injini kuzima anasowa poyang'ana. Mudala anamudzutsa ndi manja awiri, akupukuta nkhope ndi taye. Kenako sitepe yawo ija inayamba, ndipo sanaigwire bwino ngakhale kamodzi, aliyense ankapita kwake ngati mabasi otuluka pa geti limodzi, koma holo yonse inaimirira. Mkwatibwi anavina pakati pawo mpaka chophimba kumutu chinapendekeka. Ndinapezeka ndikuvina ndekha pa geti, ndi munthu amene ndinali nditangomukaniza kumene.

Mbale yanga anabweretsa okha azakhali, magalasi ali pa katcheni, thukuta lili pamphumi. Nkhuku inalipo, ng'ombe inalipo. Anaima nane pamene ndinkadya, anandithandiza kubweza bambo wina wa jekete la chikopa ndi Chingerezi chawo cha uchi chija, ndipo atachoka anandiuza kuti chaka chamawa mwana wawo wamkazi akukwatiwa, komiti ikufunika munthu wa geti, ndipo dzina langa alilemba kale m'fayilo yatsopano. Ndinati ndiganiza kaye. Anati ndiganize ndithu, iwo safulumira.

Amadala anapeza tebulo lawo, mwana wathu anavina, azakhali anapeza onyamula katundu ndi mlonda wa suti, ndipo Lamlungu lake abusa analalikiradi za kudzichepetsa kwanga, ine nditakhala kutsogolo ndikugwedeza mutu. Ku Intercity mpaka lero amanena kuti ndinawagonjetsa a ku Kabulonga. Ku Kabulonga sindidziwa amanena chiyani, koma ndikadutsa kumeneko galu uja amandizindikira. Inu amene mwamva zonse, mwaona ndi pamene ndinaima: anapambana ndani?